Denga la Kasukulu ka Kanyerere

Uyu ndi Kanyerere. Si dzina lake lenileni ayi. Amamutchula choncho chifukwa sakhala pansi. Akangodzuka, wanyamula ichi, wanyamula icho.

Kanyerere amakonda kasukulu kenakake. Ndi kasukulu kakang'ono ka katoni ndi timitengo. Safuna kuti kawonongeke.

Amayi ake amajambula mapulani a nyumba. Kampani yawo ndi yaikulu. Ili ndi maofesi m'mayiko ambiri. Inajambula mapulani a zipatala. Inajambula a mahotela. Inajambulanso a nyumba zazitali, zoti poziyang'ana khosi limapweteka. Zithunzi zake zadzaza khoma la mu ofesi.

Tsopano Amayi ajambula sukulu. Sukuluyo idzamangidwa kudziko lakutali. Kumeneko kumawomba mphepo yamkuntho.

Asanamange sukulu yeniyeni, amayamba apanga kakang'ono. Kanyerere anathandiza nawo. Anamata timawindo. Anamata tizitseko. Denga analipaka utoto wofiira. Zala zake zinali guluu yekhayekha!

Tsiku lina Kanyerere anapitanso ku ofesi ndi Amayi. Amalume ake analowa. Iwo ndi injiniya pakampani yomweyo. Ali ndi dazi lonyezimira ngati mbale yotsuka kumene. Ankakankha chifani chachikulu, chachitali kuposa Kanyerere.

"Amalume, chifani chimenechi n'cha chiyani?" anafunsa Kanyerere.

"N'cha mphepo, mphwanga," anatero Amalume. "Lero tiwomba kasukulu kaja mpaka denga liuluke."

Kanyerere anayang'ana kasukulu kake. Denga lake lofiira lija? Ayi ndithu!

Amalume anatuluka kukatenga waya. Amayi anali pafoni. Kanyerere ananyamula kasukulu mwakachetechete. Analowa nako pansi pa tebulo. Anakafunditsa juzi yake.

Amalume anabwerera. "Aa! Sukulu yapita kuti?"

Anayang'ana pashelefu. Palibe. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Kulibe. Kenako anaona timapazi tiwiri pansi pa tebulo.

"Achemwali," anatero Amalume kwa Amayi, "tebulo lanuli lamera miyendo ina. Yavala ndi nsapato zomwe!"

Amayi anagwada pansi. Anasuzumira. Kanyerere anali ndi misozi m'maso.

"Musakaphwanye, Amayi. Ndinakamata ndekha."

"Ndikudziwa, mwanangu," anatero Amayi. "Unakamata bwino kwambiri. Tandiuza, m'kasukulu aka muli ana angati?"

"Mulibe. Ndi ka katoni."

"Nanga m'sukulu yeniyeni ija?"

Kanyerere anaganiza. "Mudzakhala ana ambiri. Ana ngati ine."

"Eya. Ndiye denga likauluka kuno, tingoseka. Tiona pamene pali pofooka, tipalimbitse. Koma likadzauluka kumeneko, lidzavulaza ana."

Kanyerere anaganiza. Anaganizanso. Anapukuta misozi ndi juzi. Kenako anatuluka, kasukulu kali m'manja.

"Chabwino," anatero. "Koma batani ndidina ine."

Amalume anamangirira kasukulu patebulo. Kanyerere anadina batani. Chifani chinayamba kuzungulira. Vuuu!

Mapepala anauluka. Denga lili phee.

"Wonjezera!" anatero Amalume.

Vuuuuu! Mpango wa Amayi unauluka. Denga linayamba kunjenjemera. Kona imodzi inatukuka. Inatukukanso. Kenako, phwa! Denga lofiira lija linauluka. Linazungulira m'mwamba. Linakatera padazi pa Amalume, pha!

"Zikomo kwambiri," anatero Amalume. "Chipewa ndimachifuna kalekale."

Kanyerere anafuna kulira, koma chinatuluka ndi chiseko. Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mwaona?" anakuwa Kanyerere. "Yayamba ndi kona iyi!"

"Taona tonse," anatero Amalume. "Pofooka paja ndi pamenepa."

Amayi anakonza mapulani. Amalume anawonjezera zomangira m'makona onse. Kanyerere anamata denga lina. Ili analipaka utoto wobiriwira.

Anadinanso batani. Vuuu! Denga lili phee. Vuuuuu! Denga lili phee. Chifani chinalira mpaka kutopa. Denga silinasunthe n'komwe.

Mapulani aja anawatumiza kudziko lakutali lija. Miyezi inapita. Kanyerere anaguluka dzino, linamera lina.

Tsiku lina Amayi anamuitana. "Bwera msanga, mwanangu! Dzaone pakompyuta!"

Anzawo a Amayi a ku ofesi yakutali anaimba foni ya vidiyo. Anali m'kati mwa sukulu yeniyeni. Pawindo pankaoneka mitengo ikuwerama ndi mphepo. Masamba ankauluka. Koma m'kalasi munali ana ambiri. Ankaimba. Ankawomba m'manja. Wina analibe dzino lakutsogolo. Anabayibitsa dzanja.

Kanyerere anabayibitsanso ndi manja onse awiri.

"Amayi, onani! Denga silikuuluka! Ana onse ali bwinobwino!"

Anasangalala kwambiri. Analumpha, analumphanso. Amayi anamukumbatira. Amalume anamunyamula n'kumukhazika paphewa.

Ali pamwamba pomwepo, Kanyerere anaweramira kukhutu kwawo.

"Amalume," ananong'ona, "nanga mawa tiulutsa chiyani?"