Amene Sanauzidwe Kuti Aweruke

Madzulo amenewo Amakiyi anafika pantchito mtima uli m'mwamba. Dzinali anawapatsa ndi alonda, chifukwa makiyi a nyumba yosanja ya maofesi ija ankalendewera m'chiuno mwawo, moti mayiwa ankamveka asanaoneke.

Koma makiyiwo asakupusitseni. Ntchito yoyeretsa nyumbayo sinali yawo ayi. Eni nyumba anaipereka kwa kampani yaikulu, yaikuluyo inapatsira ina yaing'ono, yaing'onoyo n'kuigwetsera Amakiyi, iwonso n'kulemba alamu awo, mkazi wa malemu achimwene awo, kuti azithandizana. Ntchito yopatsirana ngati chimfine. Onse awiri ankavala yunifolomu ya kampani yaikulu ija, koma mabwana ake sanawaonepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Masana a tsikulo foni inali italira. Kontirakiti yapita kwa ena, mwezi ukatha mubweze makiyi. Za iwo eni Amakiyi sanadandaule kwambiri, ndi munthu wothamangathamanga, akanapeza pena. Koma alamu, mayi wamasiye, ana ali pasukulu, akawayamba bwanji? Ndiye anaganiza zochita zimene ena anawachitapo iwo kale: kungokhala duu, mwezi ukatha n'kuthimitsa foni, alamu akamvere kwa mlonda pachipata. N'zochititsa manyazi, ndipo ankadziwa.

Alamu anayambira pansi, akung'ung'udza kanyimbo kawo ka masiku onse. Amakiyi, pothawa maso awo, anakwera chikepe mpaka pamwamba penipeni. Kumeneko kunalibe maofesi otsegula, ochita lendi anasamuka kalekale, ndipo ankangopitako mwa apo ndi apo kukachotsa fumbi.

Anatsegula chitseko ndi kiyi wawo. Fungo la mankhwala okolopera linawalandira. Anayatsa getsi, linangoyaka la pakhomo lokha. Pansi panali ponyowa.

Poyamba anapsa mtima. Anaganiza kuti a kontirakiti yatsopano ayamba kale, mwezi usanathe, mwano wanji umenewu! Kenako anakumbukira kuti chitseko anachipeza chokhoma.

Chinanso n'chakuti kakolopedwe kake kanali kolakwika. Aliyense wa ntchitoyi amadziwa kuti umayambira kumapeto, n'kumakolopa chobwerera m'mbuyo kulowera kukhomo, kuti usaponde pamene wakonza ndipo pomaliza utuluke. Uyu anayambira pachitseko kulowera m'kati. Wokolopa chotero amadzitsekera yekha pakona.

Shwaa. Shwaa. Kumapeto kwa kolido, kumene getsi silinkafika bwino.

Amakiyi anayenda pang'onopang'ono, atagwira makiyi kuti asalire. Anaona mayi wamfupi, wowerama msana, atavala yunifolomu yobiriwira yofwifwa, ya mtundu umene sanauonepo m'nyumbamo. Dzina la kampani pamsana linali litafufutika. Mopu inkadontha madzi, koma ndowa panalibe.

"Odi, mayi. Mwalowa bwanji muno?"

Mayiyo sanatembenuke. Mawu ake anali wamba, otopa basi.

"Ndikudikira andiuze kuti ndiweruke."

"Akuuzeni ndani?"

"Amene anandilemba."

Amakiyi anafunsa kuti anawalemba ndani, kampani iti. Mopu inaima. Mayiyo anaoneka ngati munthu amene akufufuza chinthu m'thumba lobooka.

"Iwo aja ankati nawonso analembedwa ndi ena. Mwina enawo ndi amene abwere."

Miyendo ya Amakiyi inkati thawa, koma chifundo chinawagwira kuposa mantha. Anagwedeza makiyi mwamphamvu kuti amveke ngati bwana, n'kunena kuti werukani mayi, ntchito yatha, pitani mukapume.

"Inu sindinu," anatero mayiyo mofatsa. "Nanunso mwangopatsidwa."

Shwaa. Shwaa.

Amakiyi anabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo. Atayang'ana pansi ponyowapo anaona mapazi awo okha, opita ndi obwerera. Chikepe sanachidikire. Anatsika masitepe onse makiyi akulira ngati belu la ng'ombe yothawa.

Mlonda wachikulire wa pachipata atawaona thukuta lili kamukamu, sanafunse n'komwe. Anawapatsa mpando wake, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako anayamba kunong'ona. Anati zaka zapitazo kunali mayi wina amene ankakolopa pamwambapo, wolembedwa ndi munthu wa kampani ya kampani ina, monga mmene zimakhaliramu. Kontirakiti itasintha, womulembayo anangosowa osatsanzika. Mayiyo anapitiriza kubwera, alonda n'kumamutsegulira poona yunifolomu, a kampani yatsopano n'kumaganiza kuti ndi wa eni nyumba, eni nyumba n'kumaganiza kuti ndi wa kampani. Mmawa wina anamupeza atakhala pakona, mopu ili pamiyendo, atazizira kale. Pofuna woti akauze abale, kampani iliyonse inati si wathu. Mlondayo anati ena amati n'zongopeka za anthu atulo, koma iye pamwambapo sakwera, ngakhale mutamuopseza kuti achotsedwa ntchito.

Amakiyi anakhala pampandopo mpaka mtima unatsika. M'kati, kuseri kwa chitseko chagalasi, ankawaona alamu awo atawerama ndi mopu, yunifolomu ya eni ake ikuwakulira m'mapewa. Msana wawo unali ngati wa mayi wa pamwamba uja.

Analowa. Alamu anawaseka kuti mwatsika msanga bwanji, kapena fumbi lakuthamangitsani? Amakiyi sanaseke. Anagwira mtengo wa mopu kuti iime.

"Alamu, ntchito ino yatha. Mwezi ukatha tonse tiweruka. Ndinakulembani ndine, ndiye ndati mumve kwa ine."

Misozi inalengeza m'maso mwa alamu koma sinagwe. Anafunsa ngati zadziwika lero, Amakiyi anavomera, ndipo anawonjeza kuti mawa ayamba limodzi kufunsira kwina, ngakhale sakulonjeza kanthu.

"Zawawa," anatero alamu, akufinya mopu m'ndowa. "Koma bola mwandiuza nokha. Tiyeni timalize."

Anamaliza awiriwo, akukolopa chobwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, n'kutuluka. Amakiyi anakhoma. Ali pamsewu anakweza maso. Nyumba yonse inali bii, kupatula pamwamba penipeni, pamene getsi limodzi lija linali likuyakabe. Alamu anati mwaiwala kuthimitsa, bwererani.

Amakiyi anati lisiyeni, kuli munthu sanaweruke.