Miyendo ya Anankhoma

Bedi linkayendetsa miyendo ya Anankhoma ngati ya munthu wokwera chitunda. Zitsulo ziwiri zofunda zinkakankha kumapazi, malamba ankapinda mawondo n'kuwawongola, timanja tamphira tinkafinya akatumba. Makinawo ankatchedwa mtakasa. Pofika chaka cha 2071, chipinda chilichonse cha odwala mwakayakaya chinali nawo.

"Kale munthu akagona chikomokere mwezi umodzi, minofu inkafota," dokotala anauza Kambani, mwana wa mayiwo. "Ankatsitsimuka miyendo ili ngati bango. Mtakasa umanamiza thupi kuti likuyenda, ndiye mphamvu sizitha."

"Nanga odikirira odwalafe tizitani?"

"Muzipuma."

Mawu amenewo abale anawagwira ndi manja awiri. Tiyanjane, mlongo wake wa Kambani, anapinda mkeka wake sabata yomweyo. Amalume anati mbuzi zikuvuta kumudzi. Amayi a mvano anabwera kamodzi, anaimba nyimbo ziwiri, osaonekanso. Khumbi la odikirira odwala, limene kale linkadzaza utsi ndi miseche, linatsala ndi Kambani yekha ndi nkhunda.

Miyezi inayi Kambani ankaimbira abale foni.

"Achemwali, bwerani mudzangowagwira dzanja."

"Iwe, si makina akuwagwira? Ndaona pa foni, miyendo ikuchita kupalasa. Andiposa ine amene!" Tiyanjane anaseka.

Lachiwiri lina m'mawa, Anankhoma anatsegula maso. Atawachotsa paipi yopumira, mawu awo anali ngati tsamba louma.

"Kamba, ndinkamva manja. Tsiku lililonse wina ankandisisita miyendo. Anali Tiya eti? Ali ndi manja ofewa mwana uja."

Kambani anayang'ana timanja tamphira tija, titapindika m'mbali mwa bedi.

"Eya, amayi. Ankasinthana ndi azakhali."

"Ali kuti nanga?"

"Onse ali kukhumbi. Adokotala salola anthu ambiri muno."

Ankadziwa kuti bodzalo likhala masiku awiri kapena atatu, okwanira kuti awaitane onse, kaya mowakalipira kaya mowagwadira. Wodwala wa miyezi inayi angapite kuti?

Patapita masiku awiri palibe anabwera. Lachisanu, Kambani akuchokera kotsuka kapu, anapeza bedi lili lokha, malamba akulendewera.

"Apempha kuyesa kuyenda," namwino anatero monyadira. "Ndawagwira pang'ono chabe. Miyendo ngati mtsikana!"

Anawapeza ataima pakhomo la khumbi, atamanga chitenje pamwamba pa chovala cha chipatala. Ankayang'ana mafuwa ozizira, ndi mkeka umodzi pakona, ndi kapoto kamodzi.

"Amayi, angotuluka kumene, apita ku..."

"Usachimwe, mwanawe." Anawerama osagwira khoma, n'kukhudza phulusa. "Moto uwu unazima kalekale."

Anabwerera okha kuchipinda, osatsimphina ngakhale pang'ono. Sanafunsenso za munthu aliyense. Phala ankalawa n'kukankha. Patatha masabata atatu, mtima unaima, madokotala osapeza chifukwa.

Pamaliro anthu anadzaza mpaka kumsewu. Amayi osambitsa thupi anatuluka akunong'onezana kuti malemu anali ndi akatumba ngati angochokera kumunda. Tiyanjane analira kuposa onse, mpaka anthu awiri kumugwira.

"Mukanatiuza kuti zafika poipa!" amalume anadzudzula Kambani. "Ife timaona munthu wamphamvu."

Kambani anachokapo. Anakhala kumbuyo kwa nyumba, kutali ndi nyimbo zawo. Sankakwiyira mtakasa. Makinawo anagwira ntchito yawo osajomba tsiku ndi limodzi lomwe. Anangopatsa mayi ake miyendo yokwanira kuyenda mpaka pamene panalibe munthu.