Lamont Anakondwerera Dzina Lisanayere

Ng'anjo zosungunulira zitsulo zinali zitazima kale m'tauni yathu ya ku Pennsylvania, koma banja la a Whitlock linasungabe khalidwe la masiku abwino aja. Lamulungu ankafika kutchalitchi belu lisanalire, nsapato zikung'anima. Chipale chofewa chikagwa m'nyengo yozizira, mwana wawo Lamont ankayamba wachotsa cha pakhomo pa amayi amasiye, kenako cha kwawo. Ine ndinkamuphunzitsa Sande sukulu, ndipo mawu ake poimba ndimawamvabe.

Atakula anayamba kuyenda ndi Dewey, mlesi wa pakamwa pokoma. Awiriwa anaba matayala pagalaja nagwidwa. Dzina la Lamont linalowa m'kaundula wa milandu, ndipo kulikonse kumene ankafunsira ntchito ankabwezedwa.

Ndiye kunabwera lamulo lakuti munthu akatha zaka zoikika osapalamulanso, mlandu wakale umafafanizika wokha. Lamont anaugwira mtima, nabwerera kukwaya. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuyendetsa basi ya ana asukulu, ntchito imene bambo ake anakalamba nayo. Pantchito imeneyo salemba munthu wa dzina lothimbirira.

"Mwanangu, watsala pang'ono," anatero mayi ake. "Ukhale pakhomo mpaka dzina liyere."

Loweruka lina masana Dewey anatulukira pagalimoto.

"Abusa Lamont! Ndamva mwezi wamawa mukhala oyera ngati khanda. Tiyeni tikatsukiretu kukhosi."

"Ndinasiya zimenezo, iwe."

"Botolo limodzi lokha? Makina a boma ofafaniza milandu sanunkhiza m'kamwa, achimwene."

Mayi a Lamont anaima pakhomo. "Lamont, usakwere galimoto imeneyo."

"Ndibwera msanga, amayi."

Botolo limodzi linaitana anzake. Pobwerera Lamont ndiye anagwira chiwongolero, nakagunda mpanda wa sukulu, ana akusewera mpira kuseri kwake. Mulungu anachita chifundo, palibe anafa. Koma mlandu watsopano unalembedwa, ndipo wakale uja unakhala pomwepo.

Ndinakamuona kundende. Analira ngati mwana.

"Aphunzitsi, kunangotsala pang'ono."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Boma linalonjeza kuiwala zakale. Silinalonjeze kukulanda botolo m'manja."

Basi ija imadutsabe pakhomo pa a Whitlock m'mawa uliwonse, akuyendetsa wina, ndipo mayi a Lamont amatseka katani.

Achinyamata, mverani. Lamulo lingathe kufafaniza dzina m'kaundula, koma mtima wosalapa udzalilembanso ndi dzanja lake lomwe.