Tsiku Limene Swadick Anapha Che Chipewa

Bodza limene linadzamuliza Swadick analinena pa siteji ya minibasi za ku Monkey Bay, m'tauni ya Mangochi, asanadziwe n'komwe dzina la mtsikanayo.

Mtsikanayo anali atakhala pa thumba la mpunga, mpango wobiriwira kumutu, maso ali pa kabuku kothaitha. Pachikuto pake panali mzungu wa chipewa chachikulu atakwera hatchi, mfuti ili m'chiuno. Makondakitala ankakuwa, ogulitsa madzi ankamugunda, koma mwini wake anali kutali, m'chipululu cha akauboyi.

Swadick anali wokonza mafoni pafupi ndi msika, mnyamata wa pakamwa pa shuga. Anasendera pafupi.

"Achemwali, mwafika pati? Mabuku amenewatu ine ndinawerenga onse."

Nkhope ya mtsikanayo inawala ngati wapeza m'bale kuchilendo. Anati dzina lake ndi Naima, amagulitsa mugolosale ya amalume ake ku Monkey Bay, ndipo mabukuwo anamusiyira malemu bambo ake omwe ankagwira ntchito m'sitima ya panyanja. Ali mwana, bambowo ankamuwerengera n'kumamumasulira m'Chichewa. Ndi iwo amene anamutcha mwini nkhaniyo kuti Che Chipewa: munthu wosalankhulalankhula, wosanama, wongofika m'tauni ya zigawenga, n'kukonza zinthu, n'kuchoka osatsanzika. Mabukuwo anali otsatizana, ndipo lomaliza lokha ndilo linasowa. Bambo ake anamwalira akulifunafuna.

"Ngati lomalizalo munawerenga, musadzandiuze mathero ake. Lumbirani."

"Wallahi, sindidzakuuzani," anatero Swadick, dzanja lili pachifuwa.

Kulumbira kunali kosavuta, poti analibe choti n'kuulula. Sukulu anailekera ku Fomu 1, ndipo Chingerezi chake chinali chongokwanira kutsegulira foni. Koma mtima ukafuna suona phompho. Mawa lake anapita kwa Che Sefu, bambo wogulitsa mabuku akale pachiguduli kuseri kwa msika. Anapangana kuti Lachisanu lililonse akatuluka kumzikiti, Che Sefu azimusimbira buku limodzi, iye aziwakonzera kafoni kawo kosachira kaja.

Chikondi chinayaka. Mauthenga ankathamanga pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay usana wonse.

"Duwa langa la ku Monkey Bay, Che Chipewa ali ndi hatchi, ine ndili ndi iwe. Wolemera ndani?"

"Che Chipewa wanga ndiwe, wapamtima. Ndimakukonda chifukwa sunama."

Uthenga umenewu unamubaya, koma anaumeza. Anayankha ndi lonjezo: "Mvula isanagwe, amalume anga afika kwa amalume ako." Naima anamutumizira timitima todzaza foni.

Kenaka kunatulukira Kalisto.

Kalisto anali msilikali wa pamadzi, kwawo ku Ntcheu. Analowa mugolosale kudzagula sopo, anaona buku pakauntala, sopo uja n'kumuiwala. Iyeyu anali atawerengadi, osati zomvera m'kamwa mwa ena. Kuyambira pamenepo, dzina lake linkapezeka mu uthenga uliwonse wa Naima. A Kalisto akuti Che Chipewa analakwa kumusiya mayi wamasiye wa pafamu uja. A Kalisto akuti ayi, chikondi chinalipo koma ankaopa. A Kalisto, a Kalisto!

Mayi wamasiye wake uti? Che Sefu pokamba ankadumpha zonse zachikondi, ankangothamangira pa zipolopolo ndi mahatchi. Swadick ankangoyankha kuti, "Zoona, bebi," mumtima mukuwira.

Nsanje inamudya mnyamata mpaka ntchito inayamba kumusokonekera. Foni ya kasitomala ili m'manja, maso ali pa yake. Akaona kuti Naima ali pa intaneti koma sakumulembera, thukuta linkatuluka. Akulemberana ndi ndani? Akuseka chiyani? Kodi msilikaliyo ntchito alibe?

"Uli pomwepo koma sukundiyankha. Kapena a yunifolomu akutanganitsa?"

"Swadick, usayambe. A Kalisto ndi mnzanga wa mabuku basi. Mkazi wawo amagula mafuta pompano."

Zinali zoona. Mphete ya Kalisto aliyense ku Monkey Bay ankaiona, koma nsanje ili ndi maso ake, imaona zokhazo zimene ikufuna. Chimene chinkamupweteka kwenikweni Swadick si yunifolomu ayi. Chinali chakuti awiriwo anali ndi dziko lawo, dziko limene iye ananama kuti ndi kwawo, chikhalirecho sanapondeko.

Tsiku lina Naima anaimba foni. Mnzake wa Kalisto ku Zomba anali atalipeza buku lomaliza lija, ndipo lifika Lamlungu. Naima anamupempha Swadick kuti abwere, adzakhalepo pomwe azidzalilandira.

Chinthu chimene bambo a Naima anafa akuchifuna chidzachokere m'manja mwa mwamuna wina? Iye adzaime pambali ngati mlendo pa ukwati? Swadick anathamangira kwa Che Sefu. Bambowo bukulo analibe, koma anali ataliwerenga kalekale ku Limbe. Swadick anawaumiriza mpaka anamuuza mathero ake.

"Koma usunge pamtima, mwana wanga," anatero Che Sefu. "Owerenga amabwerekana chilichonse, koma mathero sauzana."

Swadick anagwedeza mutu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Kwa iye mathero anali ngati zigoli za mpira: wodziwa msanga ndiye dolo.

Lamlungu masana anatsika minibasi atavala malaya ake a pa Idi. Anawapeza pakhonde la golosale. Kalisto anamupatsa moni waulemu, kenaka anatulutsa bukulo m'jumbo n'kulipereka ndi manja awiri. Naima analilandira, analinunkhiza, analikumbatira pachifuwa, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo anga akanaliona," anatero. "Mulungu akudalitseni, achimwene. Sindidzaiwala."

Sadzaiwala? Misozi imeneyi, imene iye Swadick sanakhetseredwepo ngakhale tsiku limodzi, ikugwera msilikali? Mutu unatentha. Anafuna kuti onse awiri adziwe kuti pakhondepo woposa ndani.

"Ukulilira chiyani kabuku kameneko? Amafatu Che Chipewa wakoyo. Amawomberedwa kumsana ndi mnyamata yemwe iye anamupulumutsa kumtsinje uja. Ine ndinadziwa kalekale."

Kalisto anatseka maso ngati wamenyedwa khofi, poti nayenso anali asanaliwerenge. Analisunga osalitsegula kuti Naima ayambe ndiye. Anaimirira, anatsanzika motsitsa mawu, n'kumapita.

Naima sanakuwe. Anamuyang'ana Swadick nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba.

"Munthu amene anayenda ndi Che Chipewa mabuku onsewa sangamuphe chonchi, akumwetulira," anatero. "Tandiuza, mayi wamasiye uja dzina lake ndani?"

Swadick anakanda m'mutu. Anati dzinalo lamuthawa pang'ono.

"Nanga buku loyamba limayambira kuti?"

Pakamwa pa shuga paja panauma. Anayesa kuseka, anayesa kumutcha duwa, nthiti, mayi wa ana ake, koma Naima anangotsegula bukulo n'kumupatsa kuti awerenge mzere woyamba. Swadick anayang'ana zilembozo, zilembozo zinamuyang'ananso. Pamenepo zonse zinatuluka: za Fomu 1, za Che Sefu, za Lachisanu lililonse. Anati anachita zonsezo chifukwa chomukonda, ankaopa kuti mtsikana wowerenga Chingerezi sangamuyang'ane wokonza mafoni. Anagwada pasimenti, malaya a pa Idi ali chinyowere ndi thukuta.

"Naima, ndi nkhani yongopeka imeneyi. Munthuyo kulibe. Undisiye ine wamoyo chifukwa cha mzungu wa papepala?"

Apa ndiye anathira mchere pabala. Naima anatenga buku lake, analipukuta ndi nsonga ya mpango. Poyankhula, sanamutchulenso kuti iwe.

"Tsiku lija pa siteji, mukanangonena kuti Chingerezi chimakuvutani, ndikanakuwerengerani ndekha, tsamba ndi tsamba, monga ankachitira bambo anga. Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna munthu woti ndizimuwerengera. Amalume anu asavutike kubwera."

Analowa mugolosale n'kukoka chitseko. Swadick anakhala chigwadire pakhondepo, akumva Naima akulira mkatimo, ndipo chimene chinamupweteka koposa n'chakuti sankadziwa ngati akulira iye kapena Che Chipewa.