Mafunso Athawa ndi Nsapato ya Ababa

Panali mtsikana wina wamng'ono. Onse ankamutchula kuti Mafunso. Pakamwa pake sipankapuma. "Ichi n'chiyani? Nanga icho n'chachiyani?"

Mafunso ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona Ababa akukonza galimoto yawo. Galimotoyo inali yakale. Inkagogoda kunsi, go, go, go!

Loweruka m'mawa Ababa anati, "Lero ndikonza ndekha. Tiye tikagule jeki."

"Jeki n'chiyani, Ababa?"

"Ndi chitsulo chonyamulira galimoto."

Kusitolo anapeza mayi wogulitsa zitsulo. Mayiwo anafunsa kukula kwa galimoto. Kenako anasankha jeki yofiira.

"Iyi ndiyo ingathe kulemera kwake," anatero. Anatulutsanso miyendo iwiri yachitsulo. "Tenganinso iyi, bambo. Jeki imangonyamula. Yogwira galimoto ndi miyendoyi."

Ababa anaseka. Paja iwo ndi aja odziwa zonse.

"Ayi, mayi. Kantchito kake n'kakang'ono."

"Ababa, bwanji miyendo ija mwaisiya?" anafunsa Mafunso panjira.

"Iwe, mafunso achepe."

Atafika kunyumba, dzuwa linali likuswa mtengo. Ababa anaimika galimoto pamthunzi, kuseri kwa khitchini. Pamenepo ndi pomwe Amayi amathira madzi otsukira mbale. Pamwamba dothi linali louma. Kunsi linali lofewa.

Ababa anapopa jeki. Kwii, kwii, kwii! Galimoto inakwera. Inakweranso. Mafunso anangoti kukamwa yasa. Kachitsulo kochepa chonchi, kunyamula chigalimoto chonsechi!

Ababa anachotsa tayala. Anakankhira beseni la oyilo kunsi.

"Iwe ukhale patali," anatero.

Anagona chagada. Analowa kunsi ndi sipanala. Panja panangotsala mapazi awo.

Mafunso anakhala pamwala. Anayang'ana jeki. Jeki inali chilili. Anayang'ananso. Ii! Jeki yapendekeka! Phazi lake linali kumira m'dothi. Madzi akuda anali kutuluka m'mbali.

Mafunso anachita mantha.

"Ababa, jeki ikugwa!"

Ulendo uno silinali funso.

"Ndamva. Ndatsala pang'ono," anayankha Ababa.

"Ababa, tulukani!"

"Iwe, ndati ndatsala pang'ono!"

Jeki inapendekekanso. Mafunso atani? Kulowa kunsi n'koopsa. Kuwakoka sangathe, Ababa ndi olemera. Anathamangira pamapazi awo. Anagwira nsapato imodzi. Anakoka ndi mphamvu zonse. Nsapato inavuka. Mafunso liwiro nayo!

"Mwana wamwano iwe! Bweretsa nsapato yanga!"

Ababa anatuluka chokwawa, atakwiya. Anaimirira. Anaponda kamodzi. Anaponda kawiri.

GUU!

Galimoto inagwa. Fumbi linangoti koboo. Jeki inagona chammbali.

Kenako kunangoti zii.

Amayi anatuluka akuthamanga. "Mayo ine! Bambo a Mafunso!" Mbale inawagwa m'manja.

Ababa anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana pomwe anagona paja. Beseni lija linali litaphwanyika ngati chigoba cha dzira. Atagona paja, mutu wawo unali pomwepo, pambali pa beseni.

Odziwa zonse aja anangokhala pansi.

Mafunso anayamba kulira. Nsapato inali idakali m'manja.

"Pepani, Ababa. Ndinakulandani nsapato."

"Usapepese, mwanawe," anatero Ababa motsitsa mawu. "Wopepesa ndine. Unandiuza kawiri, ine osamva."

Amayi anagwira kumutu. "Inu, mukanatisiya ndi yani?"

Anthu oyandikana nawo anabwera. Onse anagwira pakamwa. Mmodzi wa iwo anali makaniko. Anathandiza kudzutsa galimoto ndi kubwezera tayala.

Madzulo Ababa ndi Mafunso anabwerera kusitolo. Ababa analowa mwamanyazi.

"Mayi, miyendo ija ilipobe?"

Mafunso anafotokoza zonse. Mayi wogulitsa anatong'ola maso.

"Kalanga ine! Mwachita mwayi, bambo. Tsono mumve bwino. Imikani galimoto pamalo olimba, osatsetsereka. Kokani buleki ya pamanja. Ikani matabwa kumatayala. Mukanyamula, galimoto ikhale pamiyendoyi. Musanalowe, igwedezeni kaye."

"Ndamva, mayi," anatero Ababa. Ulendo uno sanaseke.

M'mawa mwake anaimika galimoto pasimenti. Mafunso anaima patali, manja m'chiuno.

"Ababa, buleki mwakoka?"

"Ndakoka."

"Matabwa mwaika?"

"Ndaika."

Ababa anapopa jeki. Kwii, kwii, kwii! Anaika miyendo yachitsulo pamalo olimba a galimoto. Anatsitsa pang'onopang'ono. Galimoto inakhala pamiyendo.

"Mwagwedeza?"

Ababa anagwedeza. Anagwedezanso. Galimoto inangoti nji!

"Ndilowe?" anafunsa Ababa.

Mafunso anayang'ana mwendo woyamba. Anayang'ana wachiwiri. "Lowani."

Amayi anaima pakhomo, dzanja lili pamtima. Mafunso sanaphethire. Sipanala inalira kunsi, ngwe, ngwe, ngwe. Patapita kanthawi Ababa anatuluka. Anatuluka bwinobwino, ali bii ndi oyilo.

Anamunyamula Mafunso m'mwamba. Anamukumbatira kwambiri. Diresi lake loyera linada lonse.

Mafunso anayang'ana Amayi mwamantha. Paja Amayi ndi zovala zakuda sagwirizana. Koma lero sanakalipe. Anathamanga n'kuwakumbatira onse awiri. Nawonso anada ndi oyilo mpaka pamphuno. Onse atatu anaseka, misozi ili m'maso.