Zikwama za Zelesi

Zelesi wa kwa Santhe anali ndi luso, zimenezo ngakhale omuda amavomera. Chiguduli chakutha chimene ife timataya tikamanga mabelo a fodya, iye ankachichapa, n'kuchiphatikiza ndi zidutswa za zitenje zotola kwa atelala, mawa lake chatuluka chikwama choti mkazi wa bwana n'kupita nacho ku ukwati. Ndolo za njere za malambe, nsalu za pathebulo, zovekera mapilo, zonse zochokera m'mutu mwake. Koma luso sadya. Tsiku la msika amayi ankanyamula chikwama, kuchitembenuza, kuchiyamikira, kenako n'kuchibweza pansi: "Tibwera fodya akagulidwa." Zelesi n'kubwerera ndi katundu yense pamutu, kunyumba kulibe olo sopo.

Chimene chinkamuwotcha mtima ndi Princess, mnzake wa kusukulu, amene ankangojambula zikwamazo pa foni, kukasoketsa zofanana ku Boma, n'kumagulitsa m'shopu ya magalasi. Mwini nzeru padzuwa, wokopera pamthunzi!

"Ine sindinabadwire kuyamikiridwa," anatero Zelesi, ulendo wa kwa Chisemphere, kwa sing'anga wina, a Lameki.

Musaganize za zikopa ndi michira ayi. Anawapeza masana m'chigafa, akusoka fodya ngati mlimi wina aliyense.

"Manja abwinowo, mayi, mukufunanso chiyani?" anafunsa asanapereke n'moni womwe.

"Ogula."

"Ogula alipo. Nkhuku sindifuna, mbuzi sindifuna. Nthawi iliyonse mukapeka sitayilo yatsopano, choyamba kusokacho muzibisamo kansalu m'kati. Kodula pa chovala cha munthu wa magazi anu."

"Nanga mwini chovalayo zimuthera bwanji?"

A Lameki anabaya tsamba ndi singano. "Fodya akalowa m'chigafa amatani?"

"Amauma."

"Mwadziyankha nokha. Njira yobwerera ndi yomwe mwadzerayo."

Zelesi anatsonya. "Achibale angawo anandigulapo olo ndolo imodzi? Bweretsani kuno."

Anamupatsa ulusi wakuda wosokera tinsaluto.

Woyamba anali mlongo wake, a Duncan. Shati yawo inali pachingwe, Zelesi n'kudutsa ndi sizasi. Inu, chikwama chimenecho! Mayi wina wa ku Lilongwe anangochiona pa foni, n'kuitanitsa zodzaza galimoto. Chaka chisanathe Zelesi anali ndi atelala ake, shopu ku Boma moyang'anizana ndi ya Princess, tsitsi lofika m'chiuno. A Duncan, chimunthu chonyamula belo chokha, anayamba kuchepa. Kuchipatala anayeza zonse, osapeza kanthu. Anapita ali ngati phesi la chimanga.

Zelesi analira pamaliro mpaka kugubuduka, bokosi n'kugula la zogwirira zagolide. Sabata yotsatira anapeka zovindikira nyale zoluka ndi mlaza. Mayi ake aang'ono, a Fainess, anayamba kukhosomola.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Mfiti yeniyeni ikanang'amba nsaluyo ndi mano, anthu n'kumati ndi makoswe. Koma Zelesi sankapirira kuona nsalu ikuyoyoka ulusi, olo ikhale ya chizimba. Ankadula bwinobwino ndi sizasi yake ya manomano, imene dera lonselo inali kwa iye yekha. A Fainess atamwalira, amayi a Mvano anatenga bulauzi yoyera kuti aveke mnzawo. Kumusi kwake, kabowo ka ngodya zinayi, m'mphepete mwake manomano, kokongola ngati kochita kuyeza ndi rula.

Emmie, mkazi wamasiye wa a Duncan, anakuwa m'siwa momwemo. "Mayo ine! Shati ya bambo ake a ana inalinso chimodzimodzi!" Anatuluka n'kukaima pamaso pa Zelesi. "Alamu, sizasi yanu inadzatani pa bulauzi ya Mvano?"

Wina akanagwa pansi. Zelesi anangokonza duku. "Mwandigwira dzanja? Pamene ndinkagonera chimanga chokazinga munali kuti nonsenu? Mpunga mwadya pamaliro panowu wagula ndani? Lavulani tione!"

Palibe analavula, koma kuyambira tsikulo abale onse ankayanika zovala m'nyumba, zitseko zokhoma. Ndikunena pano ena sanasiyebe.

Kenako inabwera hotela ina yatsopano ya ku Lilongwe. Inkafuna makatani ndi mapilo a mtundu umene munthu sanauonepo. Zelesi anathamangira kwa a Lameki.

"Nsalu ya mlamu singachite?"

"Ndinati magazi."

"Onse akubisa."

"Onse? Mwana wanu Tawina uja akuphunzira za unamwinoyu, zovala zake si zili m'nyumba mwanu momwe?"

"Mwana wanga mumutchulirenji, galu inu!"

"Ndiye ikaneni hotelayo, mayi. Fodya wanga akundidikira."

Akanaikana, bwenzi lero tikunena zina. Koma Zelesi kukana ntchito yoti dzina lake limveke mpaka ku Lilongwe? Anafika kunyumba, anatulutsa diresi ya Tawina, sizasi ili m'manja. Koma anabweza diresiyo m'sutikesi, n'kugwira mpendero wa diresi imene anavala yekha.

"Magazi anga ndi anga. Tione amene angandiumitse ine."

Khwapu!

Makataniwo akuti ndi okongola zedi, alendo amajambulitsa pomwepo. Koma mwezi usanathe zala za Zelesi zinakana kugwira singano. Kenako mutu unasokonekera. Atelala anamwazikana, makina n'kupita nawo, shopu pano akugulitsamo feteleza.

Mukafika pa Santhe tsiku la msika mudzamuona pansi pa mtengo, wouma ngati chikuni, zovala zili mabowo okhaokha. Tawina anasiya sukulu kuti azimusamala. M'mawa amamuveka chitenje chatsopano, pofika masana Zelesi amakhala atachidula chonse. Mukamuyang'ana mwachisoni amakukalipirani: "Ukuona chiyani? Iwe unapekapo chiyani chibadwire?"

Abale anga, chuma cha mankhwala chimadya kunyumba, ndipo chikamaliza abale chimatembenukira mwini. Ngati Mulungu anakupatsani luso, pirirani nalo padzuwa pomwepo. Dyera linamulanda Zelesi ndi manja omwe amene anabadwa nawo.