Khutu la Lufina

Lufina ankafuna ndolo. Ankazifuna lero, osati mawa. Ukwati wa achemwali ake, a Mervis, unali pafupi.

"Dikira kaye, mwanawe," anatero amayi.

Lufina sanadikire. Anathamangira kwa mnzake Pauline, kuseri kwa nkhokwe. Pauline anali ndi singano yakale. Analinso ndi ndolo ziwiri zotola pamsewu wa ku Manjawira.

"Singanoyi yaboola anthu ambiri," anatero Pauline. Anaipukuta pa siketi. "Tseka maso, wamantha iwe!"

Pyo!

"Mayo ine!" Lufina anathawa, ndolo imodzi ili kukhutu.

M'mawa khutu linatentha. Tsiku lotsatira khutulo linatupa. Ndolo yonyezimira ija inada bii. Mafinya anayamba kutuluka.

Pauline anasuzumira. "Iii! Kuchipatala akalidula limeneli."

Lufina anamanga duku, nabisa khutu. Dzuwa linaswa mtengo, koma duku osavula. Posamba, duku osavula.

"Dukuli bwanji?" anafunsa a Mervis.

"Ndi sitayilo, achemwali."

A Mervis anamugwira pamphumi. Thupi linali moto. Anamasula duku pang'onopang'ono.

Lufina analira. "Musanditengere kuchipatala! Akandidula khutu!"

A Mervis anamukweza panjinga. Njira yonse Lufina anagwira khutu lake. Analigwira zolimba.

Anamwino anasamba m'manja ndi sopo. Anavala magolovesi. Kenako anatenga kachitsulo konga sizasi. Lufina anatseka maso.

Ngwe! Kanthu kanagwera m'mbale.

Lufina anatsegula diso limodzi. M'mbalemo munalibe khutu. Munali ndolo yakuda ija.

"Khutu lako lilipo, mwanangu," anatero anamwino. Anatsuka bala, namupatsa mankhwala. "Singano yoboolera imakhala yatsopano, ya munthu mmodzi. Manja akhale osamba. Ndolo ikhale yosachita dzimbiri, monga yasiliva. Likapola, ubwere ndi amayi."

"Koma ukwati uli Loweruka," anatero Lufina motsitsa mawu.

Loweruka linafika. Khutu linali litaphwa. Ndolo panalibe. A Mervis, ali mu diresi loyera, anawerama. Anathothola duwa limodzi pa maluwa awo. Analitsomeka m'tsitsi la Lufina, pamwamba pa khutu.

"Ndolo zidikire," anatero amayi akuseka.

Lufina anagwira khutu ili. Anagwiranso ilo. Onse awiri analipo. Ndipo anavina mpaka fumbi koboo!